Mafuta a oregano amaphadi tizilombo, koma amatiphera kuti?

Amalawi ambiri amene ali ku Joni anamudziwira oregano kuntchito. Wam'gadeni amamuthirira kuseri kwa nyumba ya bwana pafupi ndi rosemary, wakukhitchini amamuwaza pa pizza ndi mumsuzi wa matimati, ndipo pa kapaketi ka m'shopu kuno amalembapo kuti origanum. Mpaka pamenepo inali nkhani ya ndiwo basi. Zaka zapitazi oregano wasamuka pashelefu ya zokometsera, wakakhala mbali ya mankhwala. Mumupeza m'timabotolo takuda ndi m'makapusozi ku Dis-Chem, ku Clicks ndi m'mashopu a zaumoyo, ndipo m'magulu a WhatsApp akumutcha antibayotiki wachilengedwe. Ena afika pomuika m'katundu wopita ndi matransipota ku Mangochi ndi ku Mzimba kuti akathandize makolo. Nawa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri.

Kodi oregano n'chiyani, ndipo kwathu alipo?

Ndi kachitsamba kakafupi, kamasamba ang'onoang'ono onunkhira kwambiri ukawafikisa m'manja. Kwawo ndi kumapiri ouma ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga ku Greece, ku Turkey ndi ku Italy. Asayansi amamutcha Origanum vulgare. Dzina la Chichewa alibe poti ndi mlendo, koma abale ake timawadziwa: ali m'banja limodzi ndi mpungabwi uja timathamangitsira udzudzu, komanso mint ndi thyme. Chosokoneza n'chakuti dzina loti oregano limaperekedwa kwa zomera zingapo. Wa ku Mexico ndi chomera china, Lippia graveolens, chomwe chili pachibale ndi Lippia javanica, tsamba lija Azulu amati umsuzwane ndipo a ku Zimbabwe amati zumbani. Choncho wina akakuuzani kumsika wa Faraday kuti zumbani ndiye oregano wa ku Africa, dziwani kuti ndi zomera ziwiri zosiyana.

Mafuta ake amasiyana bwanji ndi masamba amene timathira mundiwo?

Amene anaonapo mmene amatchezera kachasu savutika kumvetsa. Masamba amaikidwa m'thanki, nthunzi imadutsa pakati pawo n'kunyamula timafuta tobisika m'masambamo, kenako imalowa m'paipi yozizira n'kusanduka madzi. Mafuta amayandama pamwamba, amawatapa. Pa makilogalamu 100 a masamba ouma a oregano wa ku Greece, amene ndiye wamafuta ambiri, pamatuluka pakati pa lita 1 ndi malita 8. Mitundu ina siifika ndi lita yomwe. Ndiye dontho limodzi ndi nkhani ina, kanyenyeswa ka tsamba pa pizza ndi nkhani inanso.

M'mashopu mumapezeka zinthu zitatu zomwe anthu amazisokoneza. Pali mafuta enieni osasungunula, pali osakanizidwa kale ndi mafuta a olivi, ndipo pali madzi amene amatuluka masamba akaviikidwa mu sipiriti kapena m'madzi otentha. Tiyi wa oregano ali m'gulu lachitatuli, ndipo mphamvu yake yopha tizilombo ndi yochepa kwambiri, chifukwa zinthu zomwe zimagwira ntchitoyo sizisungunuka bwino m'madzi, kwinaku zina zimathawa ndi nthunzi pamene tiyiyo akuwira. Fungo limene mumamva likudzaza khitchini ndi mankhwalawo akupita.

Nanga mkati mwa mafutawa muli chiyani?

Muli zinthu makumi angapo, koma mwini mudzi ndi carvacrol. Mu oregano wabwino wa ku Greece kapena ku Turkey, carvacrol amafika magawo 60 mpaka 80 pa 100 alionse. Ndiye amapereka fungo lija ndi kuwotcha kuja pa lilime. Mnzake ndi thymol, amene amachuluka mu thyme ndipo amapezekanso mu Listerine wotsukira m'kamwa. Awiriwa ndi mapasa enieni: aliyense ali ndi maatomu 10 a carbon, 14 a hydrogen ndi imodzi ya oxygen, amangosiyana malo amene oxygen ija yakhala. Palinso p-cymene ndi gamma-terpinene, zomwe chomeracho chimayambira popanga carvacrol ndi thymol, monga ufa usanasanduke nsima. Mu tiyi ndi mu sipiriti mumatuluka zina monga rosmarinic acid.

Chomera sichipanga zonsezi kuti chitichiritse ife. Chimadziteteza ku nkhungu, ku tizilombo todya masamba ndi ku mbuzi za m'mapiri. N'chifukwa chake kuchuluka kwake kumasinthasintha malinga ndi mtundu wa mbewu, dothi, dzuwa ndi nthawi yokolola. Pali oregano wina amene carvacrol mulibemo kwenikweni. Mabotolo awiri olembedwa dzina limodzi akhoza kusiyana ngati thobwa ndi kachasu.

Kodi n'zoona kuti amapha mabakiteriya?

N'zoona, ndipo palibe wasayansi amene amatsutsa. Kuyesa kwake kumaoneka ndi maso. Amatenga kambale kagalasi kokhala ndi chakudya chonga jele, amapakapo mabakiteriya paliponse, n'kuika pakati kapepala kozungulira kodonthezedwa mafuta. Kambaleko kamagona m'malo otentha madigiri 37, monga thupi la munthu. Mmawa mwake mbale yonse imakhala yachita mbuu ndi tizilombo, kupatula bwalo loyera lozungulira kapepala kaja, ngati pamene mwalambula udzu kuzungulira nkhokwe. Bwalo la oregano limakhala lalikulu kuposa la mafuta a zomera zambiri. Zaoneka choncho pa E. coli, pa Salmonella, pa Listeria, pa Staphylococcus aureus amene amayambitsa zithupsa ndi mafinya, ngakhalenso pa mtundu wake wosamva mankhwala wotchedwa MRSA. Alipo ena ouma mutu, monga Pseudomonas aeruginosa, amene amafuna mafuta ochuluka zedi.

Mmene amaphera zinafufuzidwa bwino ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands cha m'ma 2000, pogwiritsa ntchito Bacillus cereus, kachilombo kamene kamaononga mpunga wogona. Bakiteriya ndi kathumba kamoyo kokutidwa ndi kakhungu kamafuta. Poti carvacrol naye ndi mafuta, amalowerera m'kakhunguko n'kukaphwasula. Mchere wa potassium umayamba kutuluka, mphamvu yomwe kachilomboko kamasunga imatha, kamafa ngati chubu cha njinga chimene chabooka malo ambiri nthawi imodzi. P-cymene payekha sachita zambiri, koma amatupitsa kakhunguko kuti carvacrol alowe mosavuta.

Ngati zili choncho, bwanji madokotala sapereka oregano kuchipatala?

Apa ndiye pagona nkhani. Jik amapha mabakiteriya m'mbale kuposa oregano. Sopo amapha, mchere wambiri umapha, kachasu naye amapha. Palibe amene amamwa Jik pochiza chibayo. Kupha kachilombo m'mbale ndi ntchito yophweka. Chovuta ndi kukapeza kachilomboko m'mapapo, m'chikhodzodzo kapena m'magazi, n'kukapha osavulaza mwini thupi.

Choyamba ndi muyeso. Maantibayotiki ambiri amaletsa bakiteriya kuswana ngakhale atasungunulidwa kufika gawo limodzi pa miliyoni. Carvacrol amafunika wochuluka kambirimbiri, nthawi zambiri maulendo mazana. Kuti magazi a munthu wamkulu, pafupifupi malita 5, pamodzi ndi minofu yonse afike pa muyeso umenewo, munthu angafunike kumwa mafuta oti kukhosi ndi m'mimba sizingapirire.

Chachiwiri ndi chiwindi. Carvacrol ndi thymol akamezedwa amayamwidwa msanga chakumtunda kwa matumbo, thupi limawamangirira ku zinthu zina zomwe zimawafoola, ndipo amatuluka ndi mkodzo pasanathe tsiku. Wofika pamalo a matenda ali ndi mphamvu zake amakhala wochepetsetsa.

Chachitatu n'chakuti carvacrol sasankha. Penicillin amagumula khoma limene bakiteriya ali nalo koma maselo a munthu alibe, n'chifukwa chake mutha kumwa wambiri osapsa. Kakhungu kamafuta kaja, komwe carvacrol amaboola, maselo athu nawo ali nako.

Ndiye pali umboni wa pa anthu, womwe ndi woonda kwambiri. Kafukufuku amene ogulitsa amakonda kutchula ndi wa mu 2000, wa anthu 14 okha amene anali ndi tizilombo ta m'matumbo tosakhala mabakiteriya, ndipo panalibe gulu lina losamwa mafutawo loti ayerekezere. Zina zambiri ndi za m'mbale, za mbewa ndi za ziweto. Wogulitsa akamati "asayansi atsimikiza", mufunseni kuti atsimikiza pa ndani. Yankho loona nthawi zambiri ndi kambale kagalasi kaja.

Koma poti makapusozi akuchipatala ayamba kulephera, oregano si pothawirapo?

Vutolo ndi lenileni. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo chathu cha Africa ndicho chinali patsogolo tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Ku Queens ku Blantyre, magazi a odwala amene anayezedwa kuyambira 1998 mpaka 2016 anaonetsa kuti E. coli ndi Klebsiella akunka nakana mankhwala amene kale ankawagonjetsa. N'chifukwa chake asayansi akufufuza zomera, oregano ali momwemo. Koma kufufuza si kupeza. Chimene chili m'manja mwathu lero ndi kusiya kugula amoxicillin ndi bactrim wapamsika pa chimfine chilichonse, kusagawana makapusozi m'nyumba, ndi kumwa monga momwe adokotala anenera.

Amathandiza pa chimfine, Covid kapena HIV?

Matenda amenewa amayamba ndi mavairasi, osati mabakiteriya, ndipo palibe umboni woti oregano amawachiza mwa munthu. Chimfine chimatha chokha pakapita sabata kapena kupitirira pang'ono, ndiye chilichonse chimene munamwa tsiku lachinayi chimalandira ulemu. Tiyi wofunda wa oregano wothira uchi akhoza kufewetsa kukhosi, palibe choipa. Pa HIV pasakhale kukambirana: ma ARV sasiyidwa, ngakhale tsiku limodzi, chifukwa cha botolo lililonse.

Nanga kumwa limodzi ndi mankhwala akuchipatala kuti zithandizane?

Yankho labwino linachokera mumzinda muno mwa Johannesburg momwe. Ku sukulu ya zamankhwala ya yunivesite ya Wits ku Parktown, Pulofesa Sandy van Vuuren wakhala zaka zambiri akuyesa mafuta a zomera pa tizilombo. Mu 2009, iye ndi anzake, kuphatikizapo Pulofesa Alvaro Viljoen, anafalitsa zomwe anapeza atasakaniza antibayotiki wotchedwa ciprofloxacin ndi mafuta a thyme, tea tree, peppermint ndi rosemary. Pa Staphylococcus aureus, nthawi zambiri kusakanizako kunafoola mankhwala m'malo mowalimbikitsa. Pa Klebsiella zinkatengera muyeso: pena kuthandizana, pena kulimbana. Oregano sanali m'gulu loyesedwalo, koma thyme ndi mbale wake wapamtima, ndipo phunziro lake ndi lomveka, kuti zinthu ziwiri zakupha tizilombo zikakumana sizitanthauza mphamvu ziwiri. Amene akumwa warfarin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi, amene ali pa mankhwala a shuga, ndi amene akudikira opaleshoni, auze adokotala kapena wa ku famase asanayambe makapusozi a oregano.

Kodi oregano angateteze chakudya kuti chisatidwalitse?

Kumeneku ndiye kumene oregano ali ndi tsogolo looneka, chifukwa pa chakudya mafuta amakhudza kachilombo mwachindunji, palibe chiwindi pakati. Makampani akuyesa kuwathira mu nyama, mu nsomba ndi m'mapulasitiki okutira zakudya. Chopinga ndi chakuti mafuta ndi mapuloteni a mu nyama amayamwa carvacrol, ndiye pamafunika wochuluka mpaka chakudya kumveka mankhwala okhaokha.

Amene anali ku Joni mu 2018 akukumbukira mmene polony inasowera m'mashopu tsiku limodzi. Mu January chaka chimenecho, ana a ku kreshi ina ya ku Soweto anafika ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath akutsegula m'mimba, ndipo polony imene anadya ndiyo inatsegula maso akatswiri a NICD, bungwe lofufuza matenda opatsirana, ku Sandringham. Pa 4 March, nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inalengeza kuti gwero ndi fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Anthu 1,060 anatsimikizika kuti anadwala listeriosis, 216 anamwalira, ambiri mwa odwalawo anali a ku Gauteng ndipo makanda anali ochuluka. Malawi ndi maiko ena oyandikana analetsa nyamazo kulowa. Listeria amafa ndi oregano m'mbale, inde, koma mliriwo unatha pochotsa katundu m'mashopu, kutseka mafakitale ndi kuwatsuka. Kunyumba n'chimodzimodzi. Listeria amaswana ngakhale mufiriji, ndipo chimene chimamupha ndi moto. Nkhuku imene yayamba kafungo siibwerera chifukwa mwaiwaza oregano, mwangobisa fungolo.

Ndamva kuti amathira m'chakudya cha nkhuku. Ndingatumize kumudzi?

Ndi zoona kuti amathira. Kuyambira pa 1 January 2006 maiko a European Union analetsa kupatsa ziweto maantibayotiki pofuna kuzinenepetsa, ndipo alimi anayamba kufuna zolowa m'malo. Mafuta a oregano ndi chimodzi mwa izo, amaikidwa pamuyeso wochepa kwambiri wosakanizidwa kufakitale, ndipo zotsatira zake n'zosakanikirana: pena nkhuku zimakula bwinoko, pena palibe kusiyana. Koma chimene chimapulula nkhuku kumudzi ndi chitopa, ndipo chitopa ndi vairasi. Ndalama ya botolo limodzi ikanagula katemera wa I-2, uja wodontheza m'diso, wokwanira makola angapo.

Poti ndi zachilengedwe, zingavulaze bwanji?

Mwavi ndi wachilengedwe. Chinangwa chowawa chosaviika chimapha. Kombe, amene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka ku mivi, anadzakhala mankhwala a mtima ku Ulaya pokhapokha John Kirk, mnzake wa Livingstone, atamutumiza kwawo ndipo madokotala a ku Edinburgh atapeza muyeso wake. Chomera chimakhala mankhwala muyeso ukadziwika.

Masamba a oregano mundiwo alibe vuto, ngakhale kwa amayi oyembekezera ndi ana. Mafuta osasungunula ndi amene amaotcha: dontho pa lilime limatupitsa m'kamwa, pakhungu limasiya chilonda, m'maso ndiye osayerekeza. Ofuna kupaka pakhungu asapitirire dontho limodzi mu supuni yaing'ono ya mafuta ophikira kapena a olivi, ayambe ayesa pamalo pang'ono, ndipo asapake pa bala lotseguka. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe mafutawa, ana asapatsidwe, ndipo botolo likhale patali ndi manja awo chifukwa mwana akameza ndi nkhani yothamangira kuchipatala. Pali chizolowezi china chimene chikufala, chodontheza mafutawa kumaliseche pochiza mauka kapena chinzonono. Chonde musatero. Khungu la kumeneko ndi lofewa, limapsa, ndipo likapsa limatsegulira khomo matenda ena, HIV ali momwemo, pamene chinzononocho chikupitirira kukwera mkati.

Ndingadziwe bwanji kuti chimene ndagula n'chenicheni?

Ndi maso okha simungadziwe. Oregano ndi chimodzi mwa zokometsera zomwe akamberembere amakonda. Mu 2015, Pulofesa Chris Elliott wa ku Queen's University Belfast anayeza mapaketi 78 ogulidwa ku UK, ku Ireland ndi pa intaneti, ndipo 19 anali osakanizidwa ndi masamba ena monga a olivi ndi myrtle. Lipoti la European Union la mu 2021 linakayikira magawo 48 pa 100 a oregano amene anayezedwa. Ngati zikutero ku Ulaya kumene oregano ali kwawo, kabotolo kopanda chizindikiro kogulidwa pa Park Station mukaganizire kawiri. Pa botolo lolongosoka pamalembedwa dzina la sayansi la chomera, kuchuluka kwa carvacrol, ngati mafutawo ndi osungunula, ndi tsiku lothera ntchito. Tembenuzaninso bokosi muwerenge timalemba ta kumbuyo. Ambiri mwa mankhwala otere ali ndi chenjezo lakuti SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala ku South Africa, silinawayeze ubwino wake, chitetezo chake, kapena ngati amagwiradi ntchito imene akunenayo. Mawu akuluakulu ali kutsogolo ndi a wogulitsa, ting'onoting'ono ta kumbuyo ndi ta lamulo.

Ndilibe mapepala ndipo ndimaopa kukliniki. Nditani?

Funso limeneli ndi limene labisala kumbuyo kwa ena onse, ndipo sitingalinyoze. Anthu athu ambiri sagula oregano chifukwa chokhulupirira sayansi yake. Amagula chifukwa botolo silifunsa pasipoti, silidula tsiku la ganyu, ndipo siliima pageti monga anachitira a gulu lolimbana ndi obwera la Operation Dudula pa makliniki ena a mumzinda uno. Komabe gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza thandizo la zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe thandizo la mwadzidzidzi. Mu April 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 alandire thandizo laulere m'zipatala za boma posayang'ana kumene achokera kapena mapepala awo. Mukabwezedwa pa kliniki ina, yesani ina, pitani ndi mnzanu wodziwa Chizulu kapena Chisutu, kapena funsani mabungwe monga Section27 ndi Lawyers for Human Rights.

Kutentha thupi kopitirira masiku awiri, makamaka ngati mwangobwera kuchokera kumudzi kumene kuli malungo, kupuma mobanika, chifuwa chopitirira masabata awiri, kuwawa pokodza, mafinya kumaliseche, bala lotupa lofiira, mwana wosayamwa kapena wofooka: zonsezi si za oregano. Oregano muthireni mu nyemba ndi mu nkhuku, amakoma. Mukadwala chonchi, nyamukani mupite kuchipatala tsiku lomwelo.